Moto Wofunditsidwa: Mbiri ya Makala, Mapesi ndi Zitsononkho ku Molumbo

Mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, mvula yowaza ya chiperoni italeka, mlengalenga mwa ku Molumbo, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, mumachita chimbuuzi. Woyenda pa msewu wochokera ku Milange kulowera ku Gurué amaona utsi uku ndi uku, koma amene anakulira kuno amadziwa kuti utsiwo ndi wa mitundu iwiri. Wina umachoka m'minda momwe anthu akusosa. Aunjika mapesi a chimanga ndi masangwi a mtedza, ayatsa, moto walilima kanthawi kochepa, kwatsala phulusa loyera loti mphepo ya madzulo imwaze. Winawo umachoka m'mbali mwa phiri, pa mulu wa dothi wooneka ngati chulu chachitali. Umenewu sufulumira. Umafuka pang'onopang'ono masiku angapo, ndipo mwini mulu akadzafukula amapezamo makala odzaza matumba.

Moto ndi womwewo, ndipo konseko ukudya zomera. Chasiyanitsa ndi mpweya. Wa m'munda umapuma mmene ukufunira, n'chifukwa chake umanyeketsa zonse. Wa mu uvuni amaufunditsa udzu ndi dothi n'kuusiyira timabowo towerengeka, motero nkhuni zimapsa koma osanyeka. Asayansi amatchula kuphika zomera mopanda mpweya kotereku kuti pyrolysis, dzina lochokera ku mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza moto, lina kumasula. Masiku ano dzinali lili pakamwa m'misonkhano ya za mphamvu ndi za nyengo, komwe akukambirana zosandutsa zotsalira za m'munda kukhala makala, mafuta ndi gasi. Dzina lokhalo ndilo lachilendo. Luso lake linafika m'dera lino zaka zoposa 1,500 zapitazo, m'manja mwa osula zitsulo.

Mwala wa chitsulo sungasungunuke pa moto wa nkhuni. Umafuna kutentha kopyola madigiri 1,100, ndipo kutentha koteroko makolo ankakupeza pophatikiza makala ndi mvukuto mu ng'anjo yadothi. Choncho khasu lisanasulidwe pankayamba pakhala munthu wodziwa mtengo wa makala olimba, wodziwa kusanja zipika, kufotsera ndi kudikira. David Livingstone atayenda m'mapiri a Shire mu 1859, chaka chomwe anafikanso ku nyanja ya Chilwa, anapeza midzi ya Amang'anja ili ndi ng'anjo, otentha makala ndi osula, ndipo makasu awo ankagulitsidwa kutali. Nthawi imeneyo kunalibe malire pakati pa Mulanje, Phalombe ndi dera lomwe lero tikuti Molumbo. Alomwe, Amang'anja ndi anzawo ankayenderana, kukwatirana ndi kusinthana makasu, mchere ndi nsalu za thonje. Makala sanali ophikira nsima ayi, anali a pachipala. Mayi wapamudzi ankatola nkhuni zouma kuseri kwa nyumba, nkhalango ili pafupi.

Amayiwo analinso ndi sayansi yawo ya zotsalira za m'munda, ndipo ikadalipo. Chimanga chikatongoledwa, zitsononkho satayira kudzala. Zina zimapita pamafuwa. Zina amazitentha padera, phulusa lake n'kuliika m'kachitini kobooka kunsi, kuthiramo madzi ndi kutcheza chidulo chophikira therere kapena kufewetsera ndiwo zamasamba. Makoko a nyemba ndi a nthochi amagwiranso ntchito yomweyo. Chomwe chimafewetsa ndiwocho ndi potaziyamu, mchere womwe chimanga chinayamwa m'nthaka ndipo umapezekanso m'feteleza wa m'sitolo. Nandolo akathyoledwa, mitengo yake imamangidwa mitolo, ndipo m'midzi yambiri ya m'chigawo chino ndiyo nkhuni za miyezi ingapo. Aliyense amene anaphikapo kalongonda, nyemba ya Alomwe yofuna kuwiritsa tsiku lonse uku ukutaya madzi, amadziwa kuti mtolo wa mitengo ya nandolo ndi chuma. Wobwera ndi mawu akuti "zinyalala za m'munda" ayambe waima pakhitchini ya kumudzi, aone ngati muli chinthu chotchedwa chinyalala.

Malire anabwera mu 1891, pamene Britain ndi Portugal anagawana dera lino pa pepala, mtsinje wa Ruo n'kukhala mpanda. Zaka zotsatira, msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi zinathamangitsa Alomwe ambirimbiri kupita ku Nyasaland (Malawi ya lero), komwe anakalowa thangata ndi ganyu m'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo. Mbali ino nakonso tiyi anadzalidwa ku Milange ndi ku Gurué, ndipo mafakitale ake ankadya nkhuni zochuluka poumitsa masamba. Kuyambira 1938 boma la atsamunda linakakamiza alimi a m'madera ambiri a Mozambique, kuphatikizapo Zambezia, kulima thonje. Thonje limabwera ndi mwambo wake: ukakolola, zula mitengo yonse, unjika, tentha, kuti mbozi zisagonere m'munda. Pa thonje langizoli n'loona. Koma linalimbitsa maganizo akuti munda wa mlimi wakhama ndi woyera mbee, wopanda phesi ngakhale limodzi, ndipo maganizo amenewo sanachoke ndi atsamunda mu 1975.

Kenaka kunabwera nkhondo yapachiweniweni. Mu 1986 tauni ya Milange inagwa m'manja mwa asilikali oukira boma a Renamo, ndipo anthu a m'midzi yonse ya m'malire anawolokera ku Malawi, ena atangonyamula mwana ndi mphika. Pofika 1992 Malawi inali kusunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Kulikonse komwe kunali misasa, mitengo inatha, chifukwa anthu ochuluka chotero sangadye nyemba zosaphika. Kumudzi komwe anathawako zinthu zinayenda mosiyana: minda inagonera, tchire linamera, nthaka inapuma. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera n'kupeza dothi lamphamvu. Anagwetsa mitengo, anatentha, anadzala, ndipo chimanga chinabereka mochititsa kaso.

Apa m'pamene Milange ndi Molumbo zinasanduka nkhokwe ya kumwera kwa Malawi. Njinga zakapalasa zosenza matumba atatu kapena anayi zinayamba kundondozana kulowera ku Muloza ndi m'tinjira tina ta m'malire, makamaka pa njala ya 2002 ndi ya 2005. Ndalama ya kwacha inazolowereka m'misika ya mbali ino ngati ya kwawo komwe. Pambuyo pa chimanga panabwera fodya, soya wochokera cha ku Lioma ndi Gurué, komanso nandolo wopita ku India, yemwe msika wake unalimbikitsidwa ndi mgwirizano womwe Mozambique ndi India anasainirana mu 2016. Mu 2013 Molumbo inapatulidwa ku Milange n'kukhala boma palokha. Mbewu zonsezi zikakwera lole kapena njinga, chimene chimatsala m'mudzi ndi mapesi, zitsononkho, makoko ndi mitengo ya nandolo. Pa thumba lililonse la chimanga lomwe lawoloka malire, m'munda mumatsala mapesi olemera pafupifupi ngati thumbalo.

M'zaka zomwezo makala anachoka pachipala n'kulowa m'khitchini ya m'tauni. Blantyre, Zomba, Mocuba, Quelimane, onsewa anakula msanga kuposa magetsi, ndipo ngakhale nyumba ya magetsi imasunga mbaula pakhonde. Kafukufuku yemwe anachitika ku Malawi mu 2007 anapeza kuti mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inkatentha matumba a makala oposa 6 miliyoni pa chaka, ndipo anthu pafupifupi 92,800 ankadyera m'malonda amenewa. Lamulo la nkhalango la ku Malawi la 1997 linkafuna kuti wotentha makala akhale ndi chiphaso, koma chiphaso choyamba chinaperekedwa mu 2015, ku kampani ya Kawandama Hills ya ku Viphya. Kwa zaka 18 dziko lonse linkaphikira makala osaloledwa, apolisi olanda matumba pamsewu nawonso akuphikira omwewo kunyumba. Mu 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko ya makala ya zaka khumi, ndipo mu 2020 linakhwimitsa zilango. Mitengo ikamachepa tsidya lina, ogula amayang'ana tsidya lino.

Komabe si chilungamo kusenzetsa wotentha makala mlandu wonse. Boma la Mozambique linawerengera kuti pakati pa 2003 ndi 2013 dzikoli linkataya mahekitala pafupifupi 267,000 a nkhalango chaka chilichonse. Magawo 65 pa 100 a chiwonongeko chimenechi anali ochokera ku kutsegula minda yatsopano, pomwe nkhuni ndi makala zinali magawo 7 okha. Nthawi zambiri uvuni umamangidwa pa mitengo yomwe yagwetsedwa kale kuti pakhale munda. Ndipo munthu amatsegula mphanje chifukwa munda wakale waguga. Nkhani ya makala ndi nkhani ya chonde ndi imodzi, ndipo zimakumana pa mulu wa mapesi omwe akutenthedwa uja.

Zimene zimachitika mkati mwa uvuni wotentha makala amazidziwa ndi maso ndi mphuno, ngakhale sanaonepo chipangizo choyezera kutentha. Poyamba utsi umakhala woyera ndi wonyowa: ndi madzi akuchoka m'nkhuni, kutentha kukangopyola madigiri 100. Kukafika cha m'ma 280 mpaka 300, mtengo umayamba kuphwasuka wokha mkati n'kumatulutsa kutentha kwakekwake, ndipo utsi umasanduka wachikasu, wolemera, wotsamwitsa, wosiya phula pa udzu wofunditsira. Pakati pa 400 ndi 500 utsi umapepuka n'kuoneka wobiriwira ngati thambo. Pamenepo mwini uvuni amatseka mabowo onse, chifukwa akachedwa adzafukula phulusa. Usiku amadzuka kukamata pomwe dothi lagumuka. Ndi ntchito ya ukatswiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mwini luso lotere amangotchulidwa pa nkhani za milandu.

Vuto la uvuni wadothi ndi utsi wachikasu uja. Umenewo ndi mafuta ndi gasi zomwe zikanayaka, koma zikungouluka. N'chifukwa chake pamafunika makilogalamu 6 mpaka 10 a nkhuni kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala, pomwe mauvuni amakono omwe amabweza utsi n'kuutentha amatha kutulutsa kilogalamu imodzi pa atatu kapena anayi. Maiko ena anazindikira kalekale kuti mu utsimo muli chuma. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, petulo atasowa ku Ulaya, magalimoto pafupifupi 1 miliyoni ankayendera gasi wochokera ku nkhuni ndi makala. Ku Hengelo m'dziko la Netherlands kuli fakitale yomwe inayamba ntchito mu 2015, imene imatenthetsa tizidutswa ta mitengo mwadzidzidzi pa madigiri pafupifupi 500, n'kuziziritsa utsiwo pasanathe masekondi awiri. Chotuluka ndi mafuta akuda, ochuluka kuposa theka la kulemera kwa mitengoyo. Koma mafutawa ndi owawasa, ali ndi madzi ambiri, amadya zitsulo, ndipo sangathiridwe mu injini ya chigayo osayengedwa. Makina ake ndi a ndalama zankhaninkhani. Wouza mlimi wa ku Molumbo kuti mapesi ake asanduka dizilo chaka chamawa akumunamiza.

Zomwe zingatheke kuno ndi zazing'ono, ndipo mbiri yake ndi yosangalatsa. M'zaka za m'ma 1920, Henry Ford ataona utuchi ndi zibenthu zikuunjikana pa fakitale yake ya matabwa a magalimoto ku Michigan, anayamba kuziwotcha kukhala makala, kuzipera, kusakaniza ndi sitachi ndi kuumba timibulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Amy Smith ndi ophunzira ake a pa yunivesite ya MIT anatengera nzeru yomweyo ku Haiti, dziko lomwe mapiri ake anametedwa mpala ndi makala. Iwo anagwiritsa ntchito mgolo wakale wa mafuta wobooledwa kunsi. Amadzazamo zitsononkho kapena zotsalira za nzimbe, kuyatsa, kudikira kuti utsi woyera uthe ndi kugwira moto, kenaka kuvundikira ndi kumata dothi m'mbali. Pakatha maola ochepa mumatuluka makala opepuka. Oterewa amanyenyeka m'thumba, choncho amawasinja mu mtondo, kuwakanda ndi phala la chinangwa, kuwapanikiza m'kachitsulo ndi kuwayanika padzuwa. Awa ndiwo mabriketi. Mgolo, mtondo, chinangwa, dzuwa: palibe chimene chikusowa ku Molumbo.

Njira ina safuna ngakhale mgolo. Mu 2014 Hans-Peter Schmidt ndi Paul Taylor, pa Ithaka Institute ku Switzerland, anafalitsa uvuni wotchedwa Kon-Tiki, womwe ungathe kungokhala dzenje lotakata kukamwa, losongoka kunsi. Umayatsa moto pansi, ndipo pamwamba pakangoyamba kuyera phulusa umawonjezera mitengo ina yopyapyala. Malawi a pamwamba amadya mpweya wonse pamodzi ndi utsi, motero zapansi zimasanduka makala osanyeka. Dzenje likadzaza umazimitsa ndi madzi kapena dothi. Mitengo ya nandolo imachita bwino kwambiri m'dzenje lotere.

Palinso mbaula yoyatsira pamwamba, yomwe Thomas Reed wa ku America anaiganizira mu 1985, ndipo Paal Wendelbo wa ku Norway anapanga yake payekha n'kuifalitsa ku Uganda ndi dzina loti Peko Pe. M'mbaula imeneyi mumadzazidwa zitsononkho kapena makoko a mtedza, moto umatsika pang'onopang'ono, gasi wotuluka amayaka pansi pa mphika, ndipo ndiwo zikapsa pansi pamatsala makala. Phindu lake lalikulu ndi kuchepa kwa utsi. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse. Ambiri mwa amene amaupuma tsiku ndi tsiku ndi amayi ndi ana omwe ali kumbuyo kwawo.

Koma chimene chachititsa kuti dziko lonse litembenukire ku makala a zotsalira za m'munda si kuphika, ndi nthaka. M'nkhalango ya Amazon ku Brazil, komwe dothi lambiri ndi lofiira ndi losabereka, muli zigawo za dothi lakuda bii, lachonde, lodzaza makala ndi mapale. Amalitcha terra preta. Analipanga ndi anthu a kumeneko zaka mazana ambiri Azungu asanafike, ndipo likadali lachonde mpaka lero. Katswiri wa za nthaka wa ku Netherlands, Wim Sombroek, analemba za dothili mu 1966, ndipo kuchokera pamenepo ofufuza akhala akufunsa chinsinsi chake. Khala lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, tomwe timasunga madzi ndi michere ya mbewu kuti isakokoloke ndi mvula. Limachepetsa kuwawasa kwa dothi. Ndipo siliola msanga: phesi lokwiriridwa limatha m'nyengo imodzi kapena ziwiri, pomwe khala limakhala zaka mazana. Makala opangira nthaka oterewa ndiwo akutchedwa biochar. Mlimi wa kuno sangadabwe nazo kwenikweni, poti amaona yekha mmene maungu ndi chimanga zimakondwera pamalo pomwe panali uvuni.

Umboni wapafupi uli ku Zambia. Gerard Cornelissen wa ku Norwegian Geotechnical Institute ndi anzake, mogwirizana ndi alangizi a ulimi wa mtayakhasu a kumeneko, anathira makala a zitsononkho m'mapando a chimanga m'malo asanu, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2013. Ku Kaoma, pa dothi la mchenga lowawasa, chimanga chinabereka kuposa kanayi poyerekeza ndi pomwe sanathire makala, feteleza ali wofanana. M'malo a dothi labwino kusintha kunali kochepa, kwina kunalibiretu. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo wolengeza choyamba chokha akubisa theka la nkhani. Makala si feteleza. Ndi nkhokwe yosungira chonde, ndipo nkhokwe yopanda kanthu siidyetsa munthu. Akathiridwa ali okhaokha amatha kuyamba alanda chakudya cha mbewu. N'chifukwa chake odziwa amayamba awamwaza m'khola la mbuzi kapena la nkhuku, kapena kuwasakaniza ndi manyowa kwa milungu ingapo, asanapite nawo kumunda.

Tsono pali masamu omwe sayenera kulumphidwa. Ku Zambia ankathira matani anayi a makala pa hekitala. Mlimi wokolola matumba 20 a chimanga, omwe ndi tani imodzi, amatsala ndi zitsononkho zosapitirira makilogalamu 200. Zikalowa mu mgolo zimatulutsa makala pafupifupi makilogalamu 50, olemera ngati thumba limodzi la chimanga basi. Kuti akwanitse matani anayi ndi zitsononkho zokha angafunike zokolola za zaka makumi angapo. Izi sizikutanthauza kuti ntchitoyi ndi yachabe. Zikutanthauza kuti makalawo ayenera kupita pa phando, osati kumwazidwa munda wonse. Kuti ayambire padimba ndi pa mbewu za ndalama. Kuti aziwonjezeredwa chigawo ndi chigawo chaka ndi chaka, poti omwe alowa m'nthaka sachokamo. Ndiponso kuti nandolo, yemwe amapereka mitengo yambiri uku akubwezera chonde, ndiye bwenzi lenileni la ntchitoyi. Ofufuza a ku Zambia aja nawonso pambuyo pake anatembenukira ku mitengo ya nandolo.

Nanga mapesi a chimanga, omwe ndiwo ochuluka? Amenewa ali ndi eni ake ambiri. Mlangizi wa mtayakhasu akuti ayalidwe m'munda, aphimbe nthaka ku dzuwa ndi ku mvula yamkuntho. Mbuzi ndi ng'ombe zikuwafuna m'chilimwe. Mayi akuwafuna pomanga mpanda wa bafa ndi poyatsira moto. Chiswe chimadya gawo lake, ndipo anyamata osaka mbewa amatha kuyatsa munda wonse wa mnzawo madzulo amodzi. Pa onsewa, nthaka ndiyo yoyenera kuyamba kupatsidwa, makamaka m'minda ya m'mapiri. Anthu a ku Milange sanaiwale Januwale 1998, pamene phiri la Tumbine linagumuka ndi mvula n'kukwirira anthu ndi nyumba. Sanaiwalenso namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, yemwe analowera cha ku Quelimane n'kukapha anthu oposa 1,000 ku Malawi, matope akutsika m'mapiri a Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Kusesa mapesi onse m'munda wotsetsereka kuti akapange mabriketi ogulitsa m'tauni ndi kuvula nthaka chovala chake chomaliza.

Zoyenera uvuni ndi zomwe zachoka kale m'munda n'kuunjikana pamalo amodzi: zitsononkho za pomwe atongolera chimanga chogulitsa, makoko a mtedza, mitengo ya nandolo yotsala pa nkhuni za pakhomo, mitengo ya thonje ndi ya fodya yomwe iyenera kutenthedwa ndithu chifukwa cha matenda, ndi mankhusu a mpunga omwe amachita phiri kuseri kwa zigayo za m'chigwa cha Chilwa. Mankhusuwa ali ndi phulusa lambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa asanu, kotero mabriketi ake sayaka bwino, koma m'nthaka amathandiza. Ku Bihar m'dziko la India, kampani ya Husk Power Systems inayamba mu 2007 kusandutsa mankhusu a mpunga kukhala gasi woyendetsa jenereta, midzi yopanda magetsi n'kuwala. Chigayo choyendera mankhusu ake omwe si loto.

Mozambique inapsapo kale ndi malonjezo a mphamvu zochokera ku zomera, ndipo ndi bwino kukumbukira. Pakati pa zaka za m'ma 2000, Pulezidenti Armando Guebuza analimbikitsa alimi m'dziko lonse kudzala nsatsimanga kuti apangire dizilo. Ambiri anadzala, koma ogula sanabwere, mitengo inagwidwa ndi tizilombo, ndipo makampani angapo omwe anatsegula minda ikuluikulu anagwa. Ku Massingir m'chigawo cha Gaza, kampani ya ProCana inapatsidwa mahekitala 30,000 kuti ilime nzimbe za ethanol, koma boma linathetsa mgwirizanowo mu 2009. Ku Dondo, fakitale ya CleanStar yopanga ethanol wophikira kuchokera ku chinangwa inatsegulidwa mu 2012 ndi chiyembekezo chachikulu, koma sinakhalitse. Pafupi pomwepa, ku Lioma, alimi anakangana ndi makampani a soya pa nkhani ya malo. Ntchito zonsezi zinkafuna munda wa mlimi kapena chakudya chake. Ubwino wa zotsalira ndi woti sizifuna munda watsopano. Koma tsiku lomwe zitsononkho zidzakhale ndi mtengo pa sikelo, lole yomwe imatenga chimanga idzabweranso kudzatenga izo, ndipo woyamba kusowa chophikira ndi chotchezera chidulo adzakhala mayi wapamudzi.

Ndalama za kaboni nazo zayandikira. Mu 2021 Mozambique inakhala dziko loyamba kulandira malipiro kuchokera ku thumba la nkhalango loyang'aniridwa ndi World Bank, ndalama zokwana madola 6.4 miliyoni, chifukwa chochepetsa kudula mitengo m'maboma asanu ndi anayi a Zambezia. Gurué inali m'gululo, Molumbo munalibe. Padziko lonse makampani akulipiranso opanga biochar, chifukwa khala lokwiriridwa limatsekera m'nthaka kaboni yemwe akanapita mumlengalenga. Akadzafika amalonda otere, mafumu ndi makalabu a alimi adzafunse poyera kuti tani imodzi ikugulidwa zingati kunjako, ndipo wokumba dzenje ndi wosenza mitolo alandirapo zingati. Makalawo atsale m'munda mwa amene anawapanga.

Chomwe chikufunika poyamba si fakitale. Alangizi a zaulimi a boma la Molumbo, aphunzitsi a m'sukulu zokhala ndi minda, ndi atsogoleri a makalabu angathe kuyamba chilimwe chino ndi dzenje limodzi ndi mizere khumi: isanu ya manyowa okha, isanu ya manyowa osakaniza ndi makala, pa dothi la mchenga padera, pa katondo padera, n'kudzayeza zokolola pamaso pa mudzi wonse. Ndipo pokumba dzenjelo aitane bambo uja wa uvuni wa m'mbali mwa phiri kuti adzaphunzitse anzake kuwerenga utsi, chifukwa m'mudzimo palibe wina woudziwa moto wofunditsidwa kuposa iye.